Ndithandizeni kusankha cholembera chachitsulo chokhalitsa

Moni nonse abale. Ndine makaniko ku Ndirande, ndipo tsiku lonse ndimalemba malisiti ndi manambala a ma sipeya manja ali ndi girisi. Zolembera zapulasitiki zanditopetsa. Ndikangogona pansi pa galimoto cholembera chimathyokera m'thumba la ovololo, inki n'kudetsa malaya onse. Mwezi uno ndataya zinayi.

Ndinayesa kugula chooneka ngati chachitsulo mu Limbe, koma mkati munali pulasitiki, kokolekera m'thumba kanaduka sabata yomweyo. Ndayesanso pensulo, koma pa lisiti ya kaboni silemba bwino.

Mlamu wanga akubwera kuchokera ku Johannesburg mwezi wamawa, wati angandigulire. Ndamva za Zebra F-701 yomwe ndi yachitsulo chosachita dzimbiri ndipo pogwirira pake m'pokakala, komanso Parker Jotter yachitsulo. Fisher Space Pen akuti imalemba ngakhale mozondoka ndi papepala lamafuta, zomwe zingandithandize kwambiri.

Amene munagwiritsapo ntchito, ndi iti yolimba? Nanga inki ikatha, timachubu take timapezeka kuno ku Blantyre, kapena ndimuuze abweretse tambiri?