Thandizeni, switch yaiwala zonse magetsi atathima

Wosatchula dzina: Akuluakulu, chonde ndithandizeni. Ndimagwira ntchito pa ofesi ina ku Matawale kuno ku Zomba. Amene anatiikira netiweki anadya ndalama zonse, pano foni sayankha, ndiye abwana akuloza ine chala. Ya thiransipoti ya mwezi watha sanandipatsebe. Dzulo ndinalowa mu switch (bokosi lolumikiza makompyuta onse pa netiweki) ndi chingwe cha console choisinthira, ndinagawa netiweki m'magulu otchedwa VLAN, VLAN 10 ya a maakaunti ndi 20 ya ena onse, zinkayenda bwinobwino. Usiku magetsi anathima, lero a chipinda chapamwamba alibe intaneti. Ndiyambire pati?

Wa ku Chinamwali: Achimwene, simunasunge, basi! Zonse zimene mumalemba zimakhala mu running-config, malo ongosungira kwakanthawi, magetsi akathima zimafufutika. Lowani ndi pulogalamu ya PuTTY, musankhe Serial, 9600, 8-N-1. Lembani enable, configure terminal, interface range fa0/1 - 12, switchport mode access, switchport access vlan 10. Pomaliza copy running-config startup-config kuti zisungike. Achinyamata inu mumathamangira ma VLAN musanadziwe kusunga.

Mayi wa ku Domasi: Bambo ofunsa, switch yanuyo ndi ya kampani iti, nambala yake ndi chiyani? Tiyambire pamenepo.

Wa ku Chinamwali: Mayi, ndi Cisco imeneyo. Ndipo achimwene, show vlan brief isakunamizeni. Pa Cisco 2960 ma VLAN amasungidwa paokha mu fayilo ya vlan.dat, ndiye muwapeza alipo pamene ma port (malo olowetsa zingwe) abwerera ku VLAN 1. Chingwe chopita kumwamba chikhale switchport mode trunk kuti chinyamule ma VLAN onse. Mukamawonjezera VLAN pa trunk osaiwala add, mulembe switchport trunk allowed vlan add 20. Popanda add mumachotsa ena onse.

Wa ma UPS: Nonsenu mukuzungulira. Gulani UPS, batire losunga magetsi akathima, ngakhale ya 650VA ikwanira switch yopanda PoE (yosapereka magetsi ku zipangizo zina kudzera pa chingwe cha netiweki). Magetsi obwera mwadzidzidzi amapsereza power supply.

Wa ku Chinamwali: Akulu, UPS ibweza bwanji config yotayika kale? Ndiponso switch ikakhala Cisco 3560, muyambe ndi switchport trunk encapsulation dot1q, apo ayi trunk ikana.

Wosatchula dzina: Zikomo nonse. Ndalemba show vlan brief, ikuti Invalid input: brief. Abwana ayimbanso, akuti malipoti achoke lero lomwe.

Mayi wa ku Domasi: Mayankhidwe amenewo ndi a switch ya HP ProCurve kapena Aruba, osati Cisco. Musalembe trunk pamenepo, kwa iwo trunk ndi kumanga ma port angapo kukhala njira imodzi, mungasokoneze netiweki yonse. Lembani configure, kenako vlan 20, untagged 13-22 (ma port a makompyuta), tagged 24 (port yonyamula ma VLAN angapo) ngati chingwe chopita kumwamba chili pa 24. Chitani chimodzimodzi pa vlan 10 ndi ma port ake. Onani ndi show vlans, musunge ndi write memory. Switch yapamwamba nayonso ikhale tagged pa port imene chingwecho chalowa. Tumizani zimene show version ikuonetsa.

Wa ku Chinamwali: Komabe vuto ndi lomwe ndanena, mayi, sanasunge. Achimwene, mukatha write memory zimitsani switch dala, muiyatsenso, muone ngati ma port akhala pa VLAN zawo musanawauze abwana kuti zatheka.