Thandizeni, tebulo la manambala likudya memory yonse

Wa ku Chikanda:
Moni nonse pagulu pano, chonde ndithandizeni mutu waima. Ndikupanga pulojekiti yomaliza kusukulu, kabokosi kofungatira mazira a nkhuku kuti kutentha kuzikhala pa madigiri 37.5 mpaka masiku 21 anapiye aswe. Sensa yanga imapereka nambala kuyambira 0 mpaka 1023 ndiye ndinapanga tebulo la manambala 1024 a float (manambala okhala ndi decimal) kuti nambala iliyonse izisanduka madigiri, koma ndikangoliika mu code ikukana ikuti memory yachepa, nditalidula theka inalola koma tsopano ikungozima yokha n'kuyambiranso. Mnzanga amene tinapatsidwa pulojekiti limodzi anapita ku Blantyre kwa chibwenzi chake foni sakuyankha, laputopu ndi ya msuweni wanga akuifuna Lachisanu, magetsi kuno akungozimazima, ndipo mazirawo ndinagula ndi ndalama ya lendi moti alandilodi akungondiyang'ana ndi diso lofiira. Kodi palibe njira yoti manambalawa azibwera mu memory pokhapokha akafunika, osati onse pakamodzi?

Injiniya Wakale:
Ana a masiku ano inu! Tebulo la float 1024 la chiyani? Float imodzi ndi ma byte 4, chulukitsa wekha, ndi 4096. Ife tinkaphunzira kuwerengera byte iliyonse tisanalembe mzere ndi umodzi womwe, inu mukungokopera za ChatGPT osadziwa n'komwe kuti zikukakhala pati. Chotsa tebulolo, werengera ndi fomula ya Steinhart-Hart yopezera madigiri kuchokera ku sensa, manambala atatu okha basi nkhani yatha.

Mtsikana wa Data:
Achimwene musadandaule, sungani manambalawo mu fayilo ya npy kenako mu Python pa np.load muike mmap_mode, imangowerenga kachigawo kamene mwakapempha, zina zonse zimatsala pa disiki. Ine ndimatero ndi data ya mvula ndipo laputopu yanga ya 4 GB siidandaula.

Injiniya Wakale:
Mayi, Python pa kabodi kofungatira mazira? Disiki yake iti? Ndi zimenezi ndikunena, munthu akangodziwa hamala chilichonse akufuna kukhoma.

Mtsikana wa Data:
Bambo, mwiniwakeyo sanatchule bodi, mwadziwa bwanji kuti si Raspberry Pi, kakompyuta kakang'ono kaja kotha kuyendetsa Python? Kukalipa sikuthandiza mwana.

Injiniya Wakale:
Raspberry Pi ilibe ADC yakeyake, chija chosandutsa zochokera ku sensa kukhala nambala, ndipo ikanadzadza ndi ma byte 4096? Tiyeni tizilankhula zimene tikuzidziwa.

Chinamwali Boy:
Kkkk aise ingobwereka thadzi kwa agogo lifungatire, silifuna RAM

Mai a Mapasa:
Nkhani ya magetsiyo ndi imene yandikhudza ine. Ndinagula chofungatira chopangapanga, mazira anali atatsala pang'ono kuswa magetsi anazima usiku wonse, m'mawa onse ozizira, ndinalira ngati pamaliro ndipo amuna anga mpaka lero amaikumbutsa. Mwana wanga usanaganize za manambala pezeratu batire ndi sola, kuzizira kwa Zomba mwezi wa June sikuseka ndi munthu.

Wa ku Matawale:
Achimwene tiuzeni bodi yake. Nambala za 0 mpaka 1023 zikuonetsa ngati ndi Arduino Uno, Nano kapena Mega. Ngati ndi Uno kapena Nano, RAM, memory yogwirira ntchito, ndi 2 KB yokha koma flash, mosungira pulogalamu, ndi 32 KB, ndipo pa tchipi timeneti kulemba const pakokha sikukwanira, tebulo limakoperedwabe lonse mu RAM ikangoyaka. Ikani PROGMEM kuti likhale mu flash, ndiye mukafuna nambala imodzi muziitenga ndi pgm_read_float. Zili ngati chimanga m'nkhokwe, mumangotapa chopita nacho kuchigayo tsiku limenelo. Theka la tebulo lanulo ndi ma byte 2048 ndendende, pa Uno silikanalola n'komwe, ndiye mwina muli ndi Mega ya 8 KB ndipo pali zina zikudya malo. Tiuzeni.

Wa ku Chikanda:
Zikomo nonse. Mnzanga uja wayankha tsopano akuti abwera sabata yamawa koma akufuna dzina lake likhale loyamba pa lipoti, inu mukuona bwanji zimenezi? Aphunzitsi otiyang'anira nawonso ndikapita ku ofesi sindiwapeza. Ndayesa kuika manambalawo pa SD khadi mwina zitheka.

Injiniya Wakale:
SD khadi! Laibulale yake yokha imatenga ma byte 512 a buffer, wangowonjezera katundu pa njinga yophwa kale. Ndakuuza Steinhart-Hart sukumva. Ndipo mazira akufuna 37.5, tebulo lako likuwerengera mpaka kutentha kophikira nsima, ukufuna kuwaphika? Ngati ukukakamira tebulo, sunga manambala ochepa ozungulira 30 mpaka 45, apakatiwo uziwerengera. Koma ayi, ana inu mumafuna zophweka.

Dalaivala wa Kabaza:
Mnzakoyo mchotse pa lipoti basi, anthu otere ndi amene amadzakhala mabwana athu mawa

Wogulitsa Zida:
Bodi ya ESP32 ili ndi RAM yoposa 500 KB ndipo const imakhala mu flash yokha popanda PROGMEM. Ndili nawo angapo, ndilembereni ku inbox.

Injiniya Wakale:
Ndiye mwana alibe ya lendi mukumuuza agule bodi ina? Komanso ADC ya ESP32 ndi ya 0 mpaka 4095, ayambirenso tebulo lonse? Malonda anu kapangireni kumsika.

Mtsikana wa Data:
Chimodzi chokha ndiwonjezere asanandikalipirenso bambowa, simukufunika float. Chulukitsani ndi 100, 37.5 ikhale 3750, musunge ngati uint16_t, ndi ma byte awiri m'malo mwa anayi ndipo muziwerenga ndi pgm_read_word. Mawu onse a mu Serial.print muwakulunge ndi F() nawonso amadya RAM mwakachetechete, mwina ndi amene akukuzimitsirani.

Injiniya Wakale:
Apo mwanena zoona mayi, koma tebulo silikufunikabe.

Wa ku Matawale:
Achimwene a ku Chikanda, bodi yake ndi iti? Jambulani chithunzi muponye pano, ndi mizere iwiri ija imatuluka pansi mukadina Verify yonena kuchuluka kwa memory imene yadyedwa.