Kodi mauthenga oletsa fodya amasinthadi munthu?

Nangozo wa ku Luchenza:
Abale anga, ndithandizeni nzeru. Ndine mlangizi wa zaumoyo kuno ku Thyolo, ndipo pa 31 May, tsiku lolimbana ndi fodya padziko lonse, ndapemphedwa kukayankhula pabwalo la amfumu. Koma mtima ukundikayikitsa. Bambo anga athyola tiyi zaka zambiri, ndipo chingambwe anayamba ali mnyamata, ati chimathamangitsa chisanu cha m'mamawa kumunda. Lero usiku wonse ndi chifuwa, kamtunda kopita kutchalitchi amaima kawiri kuti apume. Ndawauza kangapo, positala ndinawakhomera pakhomo penipeni. Amangoti "ndamva mwanangu," kenako n'kung'amba pepala la kope lakale la mdzukulu wawo n'kupichira wina. Ngati ndalephera bambo ondibereka, pabwalopo ndikanena chiyani? Alipo akudziwa zimene ofufuza anapeza pa uthenga wogwira mtima?

Wophunzira ku Blantyre:
Achemwali, musadzione olephera. Kafukufuku wambiri amasonyeza kuti mawu okha salowa msanga ngati chithunzi. Canada ndi dziko loyamba kuika zithunzi za matenda pa mapaketi a ndudu, mu 2001. Ku America, pa kafukufuku amene anatuluka mu 2016, osuta anawagawa pawiri kwa milungu inayi. Mwa amene mapaketi awo anamatidwa zithunzi, 40 pa 100 aliwonse anayesa kusiya, pomwe mwa a mawu okha anali 34. Kusiyanako si kwakukulu, koma kulipo ndithu. China chimene chingakuthandizeni kwambiri ndi kampeni ya Tips From Former Smokers yomwe bungwe la boma la America loona za matenda, la CDC, linayamba mu 2012. Oyankhula sanali madokotala ayi, anali anthu amene fodya anawavulaza, ena obooledwa pakhosi, akufotokoza okha mmene amasambira ndi kudya. Ofufuza anayerekeza kuti chaka choyambacho anthu pafupifupi 1.6 miliyoni anayesa kusiya chifukwa cha zimenezi. Malawi analowa m'pangano loletsa fodya la WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, mu 2023, ndipo panganolo limafuna kuti chenjezo litenge gawo losachepera 30 pa 100 la nkhope ya paketi.

Wakabaza pa Limbuli:
Akuluakulu a ku Blantyre, zimene mwanenazo ndi zoona, koma paketiyo amaiona ndani kuno? Ine ndasuta zaka zisanu ndi zitatu, paketi yathunthu sindinagulepo. Timagula ndudu imodzi pa benchi, kuyatsa ndi machesi a wogulitsa yemweyo, nthawi zina n'kugawana anthu atatu podikira makasitomala a ku Muloza. Chingambwe cha bambo awowo nacho chilibe polemba chenjezo. Ine chinandisiyitsa ndi mwana wanga wamkazi. Anabanika usiku, chifuwa chikulira ngati kamphaka, ndinamukweza panjinga mayi ake atamufungata mpaka kuchipatala. Namwino atandiyandikira anamva fungo pa jekete langa, n'kundifunsa motsitsa mawu ngati ndimasutira m'nyumba. Sanandikalipire. Anangondifotokozera kuti utsi umene ndimatulutsa ndi womwewo umene kamwanako kakupuma m'chipinda chimodzi chija. Milungu iwiri yoyamba inali yowawa, mutu kuwawa, ukali, tulo osabwera. Ndinkatafuna nzimbe kuti pakamwa pasakhale chabe. Ndinabwererako kamodzi pamaliro, n'kuyambanso kuwerenga masiku. Amayi, mukawauzenso anthu kuti zowawazo zimatha, poti ambiri timadziwa kale kuti fodya amapha, chotisowa ndi poyambira.

Mphunzitsi ku Chitakale:
Musaiwale ana asukulu. Temu yathayi ndinalanda kanthu kwa mnyamata wa Fomu 3, ndinkayesa cholembera, kakununkhira ngati maswiti. Ndi vape, kachipangizo ka batire kosutira kotulutsa nthunzi. Anandiuza ndi mtima wonse kuti si fodya, ndi nthunzi chabe. Sankadziwa kuti zambiri mwa izi muli nikotini, yemweyo amene amamanga munthu ku ndudu. Koma apa mpofunika kusamala kalankhulidwe. Ku Britain kafukufuku wasonyeza kuti osuta ambiri amaganiza molakwika kuti vape ndi yoopsa mofanana ndi ndudu kapena kuposa, ndiye ena amangokakamira ndudu. Kwa mwana amene sanasutepo, tizimuuza mosapita m'mbali kuti asayambe ngakhale chimodzi.

Nangozo wa ku Luchenza:
Zikomo nonse. Achimwene a pa Limbuli, nkhani ya mwana wanuyo yandikhudza, chifukwa mdzukulu mwini kope uja amagona chipinda chimodzi ndi agogo akewo, ndipo za iye sindinawatchulirepo. Ndikayamba pamenepo Loweruka likubwerali. Kodi mungalole kubwera ku Luchenza pa 31 kudzafotokoza nokha pabwalo? Thiransipoti ndikupezerani. Ngati ntchito siyikulolani, ndijambulireni mawu pa WhatsApp, ndikabwereka sipika ya kutchalitchi.