Kubwerera ku Blantyre ndi galimoto yogonamo kuchokera kowedza ku Mangochi: tidzere kuti, nanga nsomba tizisunge bwanji?

Msodzi wa ku Namiwawa

Moni nonse akuluakulu. Ndikupempha nzeru kwa amene anayendapo ndi galimoto yogonamo, ija imene imakhala ndi mabedi, khitchini ndi thanki ya madzi m'kati mwake. Ine ndi anzanga atatu tabwereka yotere kwa mlamu wanga, ndipo tikufuna kukatha masiku anayi tikuwedza ndi mbedza kumtunda kwa Mangochi, chakufupi ndi Monkey Bay. Za popita sindikuda nazo nkhawa, chifukwa msewu umangotsikira kunyanja ndipo tidzakhala tilibe katundu wambiri. Chimene chikundisowetsa tulo ndi ulendo wobwerera.

Chaka chatha tinapita pa galimoto wamba, tinapha kampango ndi mcheni wokwanira, koma tinanyamuka kunyanja dzuwa litapendeka kale ndipo ayezi anali atasungunuka tisanafike pa Ulongwe. Pofika kunyumba usiku, theka la nsombazo linali litayamba fungo, moti mayi a kunyumba anangozitaya, ndipo zinandiwawa kwambiri chifukwa ndinali nditalonjeza ndiwo kwa apongozi. Tsono mafunso anga ndi awiri. Ndi galimoto yolemera chonchi, tidzere ku Zomba kapena tizungulire ku Balaka ndi Zalewa? Nanga nsomba tingazisamale bwanji kuti zifike zili zaziwisi?

Dalaivala wopuma, Chirimba

Achimwene, ndayendetsa malole pa misewu iwiri yonseyi kwa zaka zambiri, ndipo ndinganene kuti mudzere ku Zomba, koma munyamuke m'bandakucha. Kuchoka pa boma la Mangochi kufika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 190 pa msewu wa M3, pamene njira ya ku Balaka ndi yotalikirapo ndipo ikakulowetsani mu M1, mmene mudzapikisana ndi malole akuluakulu kuyambira pa Chingeni, kudutsa pa Phalula ndi Zalewa, mpaka pa Lunzu. Galimoto yogonamo ndi yaitali m'mwamba ndiponso yotambalala, kotero lole ikakupitirirani mothamanga, mphepo yake imakukankhirani m'mbali, ndipo munthu wosazolowera amachita nayo mantha n'kupotoza chiwongolero mopitirira muyezo.

Chimene muyenera kuchidziwa ndi chakuti ulendo wobwerera ndi wokwera. Nyanja ili pa mamita osakwana 500 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pamene Blantyre ili pa mamita oposa 1,000, ndipo gawo lalikulu la kukwerako limayamba mukangowoloka Shire pa Kamuzu Barrage ku Liwonde n'kuyamba mapiri a Machinga. Pamenepo ndi pamene injini zambiri zimawira. Mukafikapo nthawi ya masana, dzuwa la ku Liwonde likuswa mtengo, galimoto itadzaza anthu anayi ndi katundu, mudzaima m'mbali mwa msewu boneti ili yotsekula. Mukafikapo isanakwane 8 koloko m'mawa, mudzakwera bwinobwino. Lowetsani giya yotsika chitunda chisanayambe, osati injini itayamba kale kulira, ndipo diso lanu lisachoke pa muvi wa kutentha. Amene akubwera m'mbuyo mwanu asakupanikizeni. Mukapeza malo otakasuka, apatukireni adutse.

Usiku musayerekeze n'komwe. Pakati pa Mangochi ndi Liwonde, komanso pa Songani ndi pa Thondwe, pamakhala njinga zopanda nyale, anthu oyenda pansi ndi mbuzi, ndipo galimoto yolemera siima msanga ngati yaing'ono imene munazolowera.

Mayi wa ku Bangwe

Bambo, ine za magiya sindinenapo, koma nsomba ndakhala ndikuoda ku Mangochi n'kumagulitsa ku Limbe, ndiye ndikuuzeni zimene zinakuonongerani chaka chatha. Nsomba imayamba kuwola kuchokera m'mimba. Mukangoivuula, itumbuleni tsiku lomwelo, chotsani matumbo ndi zofiira za kumutu zija imapumira, tsukani magazi onse ndi madzi oyera, ndipo musaisiye padzuwa m'bwato kudikira kuti muphe zina. Kampango amafunika changu kwambiri chifukwa ndi wamafuta.

Poika mu bokosi lozizira, yambani ndi ayezi pansi, nsomba pamwamba pake, ayezi winanso, mpaka bokosi lidzaze, ndipo kulemera kwa ayezi kufanane ndi kwa nsomba. Ayezi wa chibuma amakhalitsa kuposa woswaswa. Madzi osungunuka muziwakhetsa, chifukwa nsomba ikamira m'madzi amenewo imafewa n'kutaya kukoma. Bokosilo likhale pansi, kutali ndi zenera, mulifunditse chiguduli chonyowa, ndipo anzanuwo asamalitsekule kufuna zakumwa; zakumwa zikhale ndi bokosi lawolawo.

Koma masiku anayi ndi ambiri. Nsomba za tsiku loyamba ndi lachiwiri musalimbane nazo kuti zifike zaziwisi. Zing'ambeni, thirani mchere, ndipo mupemphe amayi a pa doko akuwambireni. Amadziwa ntchito yawo ndipo mudzawalipira pang'ono. Kampango wowamba bwino apongozi anu adzamukonda kuposa wamuwisi wofewa. Za ayezi zikhale za masiku awiri omaliza okha.

Makaniko wa ku Ndirande

Ndikugwirizana ndi akuluwa pa nkhani yonyamuka m'mawa, ngakhale ine njira ya ku Zalewa sindingaitaye kotheratu, chifukwa kukwera kwake n'kwapang'onopang'ono, ndipo ngati mukudziwa kuti galimoto ya alamu anuyo imatentha msanga, ndi bwino kutalikitsa ulendo kusiyana ndi kupsereza injini pa Machinga. Choncho musanachoke mu Blantyre, kaonetseni radiyeta, fani, mapaipi a madzi ndi mabuleki. Magalimoto amenewa amakhala nthawi yaitali ataimikidwa pabwalo, ndipo matayala ake amaoneka atsopano pamene mphira yake inauma n'kuchita ming'alu m'mbali. Yang'anani zimenezo, pamodzi ndi tayala lapadera ndi jeke yoti ingathe kunyamula kulemera kwake.

Tsiku lobwerera, chepetsani katundu wopanda ntchito. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya malita 100 ikakhala yodzaza ndiye kuti mwanyamula munthu wachisanu wonenepa. Siyani madzi ochepa osamba m'manja ndi othira mu radiyeta, ndipo madzi akuda mukawataye pa malo oyenera kumene mwagonako, osati m'nyanja. Mabokosi a nsomba muwaike pansi pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, muwamange, chifukwa mukawaunjika kumbuyo kwenikweni chiwongolero chimapepuka. Botolo la gasi mulitseke musanalize injini, makabati onse akhale okhoma, ndipo pasapezeke wogona pa bedi galimoto ikuyenda, ngakhale atatopa chotani. Aliyense akhale pa mpando, atamanga lamba. Furiji ya m'galimotomo musaidalire pa nsomba zambiri. Ndi yaing'ono ndipo imachedwa kuziziritsa.

Msodzi wa ku Namiwawa

Zikomo kwambiri nonse. Mayi, mwandiululira cholakwa changa, pakuti chaka chatha nsombazo sitinazitumbule n'komwe, tinangoziponya pa ayezi zili zamphumphu. Ndakambirana ndi anzanga ndipo tagwirizana kuti mbedza tidzazipinda madzulo a tsiku lachinayi, tidzagona komweko, n'kunyamuka 5 koloko m'mawa kudzera ku Zomba, pokhapokha ngati amene ationere galimoto Loweruka lino atapeza vuto pa radiyeta. Chatsala ndi chimodzi, Mayi: ayezi wa chibuma tinyamule kuchokera kuno, kapena tikagule pa Mangochi tsiku loti mawa lake tibwerera?