Za mowa ku Wisconsin: yankho ndalipeza

Paja ndinafunsa ngati ku America boma la chigawo lingaletse munthu kugula mowa lisanamve mbali yake. Yankho lili pa mlandu wa Wisconsin v. Constantineau wa mu 1971.

Mkulu wa apolisi m'tauni ya Hartford, m'chigawo cha Wisconsin, anakhoma chikalata m'malo onse ogulitsira mowa, choti mayi wina, dzina lake Constantineau, asagulitsidwe kapena kupatsidwa mowa kwa chaka chathunthu. Mayiyo sanaitanidwe n'komwe, anangochititsidwa manyazi tauni yonse ikuona. Khoti Lalikulu la dziko la America linagamula kuti lamulo lololeza zimenezi likusemphana ndi malamulo aakulu a dziko: boma likafuna kuipitsa mbiri ya munthu, limudziwitse ndi kumumva kaye. Oweruza 3 mwa 9 anakana chigamulocho, ati makhoti a Wisconsin akanayamba aiona okha nkhaniyo.