Seva yathu ya ku Nairobi ikuchedwetsa makashiya: tisamuke kapena tikonze njira?

Mphatso Kalua, Lilongwe

Akuluakulu a m'gulu lino, ndabwera ndi vuto lomwe landisowetsa tulo kwa masabata atatu. Ndimayang'anira makompyuta pa bungwe lina lobwereketsa ndalama lomwe lili ndi nthambi zisanu ndi ziwiri. Akuluakulu a bodi analamula kuti tikhale ndi seva yachiwiri (kompyuta yaikulu yosunga mabuku athu) kunja kwa dziko, kuti ngakhale moto utabuka mu ofesi muno, kapena magetsi atavuta kwa miyezi ngati mmene zinakhalira Kapichira itawonongeka ndi namondwe Ana mu Januwale 2022, mabuku a ngongole asatayike. Anasankha Nairobi, ndipo zifukwa zawo zinali zomveka. Anali atawerenga kuti Kenya ikusanduka likulu la ma data centre (nyumba zosungira maseva) kummawa kwa Africa, anamvanso za chilengezo cha Microsoft ndi G42 cha mu Meyi 2024 choti adzamanga data centre ku Olkaria pa ndalama zokwana 1 biliyoni ya madola, ndipo pa mapu Nairobi ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,450 kuchokera ku Lilongwe, womwe sukusiyana kwenikweni ndi wopita ku Johannesburg.

Tinachita lendi theka la rack (kabati yoikamo maseva) ku Nairobiko. Ndinakonza PostgreSQL, pulogalamu ya database yosunga zolembedwa zathu, kuti isavomereze cholembedwa chilichonse mpaka seva ya ku Nairobi itayankha kuti nayonso yalemba. Kuyambira tsiku limenelo, kashiya akalandira ndalama, lisiti imatuluka patapita masekondi awiri kapena atatu. Lachisanu la kumapeto kwa mwezi ndinakaima kumbuyo kwa kashiya wathu wina, ndipo ndinamuona akugogoda tebulo ndi cholembera uku akuyang'ana kachizindikiro kozungulira pa sikirini, mzere wa anthu utatulukira pakhonde mpaka padzuwa. Ntchito yowerengera chiwongoladzanja usiku, yomwe inkatha m'mphindi 20, tsopano ikudya maola oposa atatu. Ping, muyeso wa nthawi imene deta imatenga kupita ndi kubwerera, yopita ku Nairobi ikuonetsa mamilisekondi (ms) 290. Tinakweza liwiro la intaneti kuchoka pa 20 kufika pa 50 Mbps koma palibe chimene chasintha. Abwana akuti tinyamule zonse tipite ku Johannesburg. Kodi pali amene anakumanapo ndi zoterezi?

A. Nyirenda, Blantyre

Achimwene a Kalua, musananyamule katundu, chonde yambani mwaona njira imene deta yanu ikudutsa. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 200 pa milisekondi imodzi m'nthambo ya fayiba, kutanthauza kuti pa makilomita 1,000 aliwonse, ulendo wopita ndi kubwerera umadya 10 ms. Ngakhale nthambo itakhota kudzera ku Dar es Salaam, simuyenera kufika pa 290. Nambala imeneyo ndi ya munthu amene wapita ku Ulaya n'kubwerako. Chitani traceroute, yomwe imaonetsa malo onse amene deta ikudutsa, kuchokera pa seva yanu yeniyeniyo, osati pa laputopu yolumikizidwa ku foni, ndipo mutiuze mayina a malo amene ikudutsa. Kukweza ma Mbps sikukanathandiza, chifukwa mwakulitsa msewu pamene vuto lanu ndi kutalika kwa ulendo.

Mphatso Kalua, Lilongwe

Bambo Nyirenda, mwalasa. Malo oyamba asanu ali pansi pa 30 ms, kenako nambala ikudumpha kufika pa 160 pa rauta (chipangizo cholondolera deta) yomwe m'dzina lake muli zilembo zoti mrs, ndipo pambuyo pake pakubwera mba (Mombasa) ndi nbo (Nairobi) zili pafupi ndi 290.

A. Nyirenda, Blantyre

Zilembo zoti mrs zikuimira Marseille, mzinda wa ku France komwe nthambo zambiri za pansi pa nyanja zochokera ku Africa ndi ku Asia zimathera. Kampani yanu ya intaneti imagula njira kwa kampani ina yaikulu, data centre yanu ya ku Nairobi imagula kwa inanso, ndipo makampani awiri akuluakuluwo amapatsirana deta ku Ulaya kokha. Choncho lisiti iliyonse ya kashiya wanu ikukwera gombe lonse la kummawa kwa Africa, ikudutsa Nyanja Yofiira, ikufika ku France, kenako n'kutsikanso mpaka ku Mombasa.

Masamu ake akugwirizana ndi zimene mwaona. Ngati pulogalamu yanu imalemba mu database kasanu ndi katatu pa malipiro amodzi, ndipo ulendo uliwonse ikudikira 290 ms, ndiye masekondi 2.3 amenewo. Ngati ntchito ya usiku imalemba akaunti iliyonse payokha ndipo muli ndi maakaunti 40,000, kudikira kokhako ndi masekondi 11,600, omwe ndi maola atatu ndi mphindi zingapo. Pali zinthu ziwiri zosiyana zofunika kukonza pano. Choyamba ndi njira, yomwe ili m'manja mwa kampani yanu ya intaneti. Chachiwiri chili m'manja mwanu, ndipo ndikunena mosabisa kuti ngakhale njira itakonzedwa, sindingalole kuti kashiya wa ku Lilongwe azidikira yankho la seva yomwe ili kuseri kwa malire awiri. Tsiku lomwe nthambo idzaduke, PostgreSQL idzaima n'kumadikira yankho losabwera, ndipo nthambi zanu zonse zidzatseka chifukwa cha seva yomwe munaigula kuti ikutetezeni.

Chikondi Mbewe, Nairobi

Ndagwira ntchito m'data centre ina kuno kwa zaka zinayi, ndipo ndikufuna kuthirapo ndemanga chifukwa zimene bodi ya a Kalua inawerenga n'zoona, koma zimatanthauza china chosiyana ndi chimene iwo anamva. Chimene chinakweza Kenya ndi gombe la Mombasa. Nthambo za TEAMS ndi Seacom zinafika mu 2009, EASSy mu 2010, kenako LION2, DARE1, PEACE ndi 2Africa. Pozungulira nthambozi pamera nyumba zosungira maseva monga za iColo ku Mombasa ndi ku Karen, ya Africa Data Centres ndi ya IXAfrica m'mbali mwa Mombasa Road. Palinso KIXP, malo omwe makampani a intaneti amakumana n'kupatsirana deta popanda kudutsa kunja, yomwe inayamba mu 2000, boma n'kuitseka, kenako n'kutsegulidwanso mu 2002. Makampani ambiri a ku Uganda ndi ku Rwanda amafika kuno mosavuta chifukwa nthambo zawo zopita kunyanja zimadutsa m'dziko lino kale. Kwa iwo Nairobi ndi pakhomo. Kwa ife Amalawi zimadalira kampani imene mwalemba nayo mgwirizano, chifukwa ena amatulukira ku Tanzania, ena ku Mozambique, ena ku Zambia.

Funso loti mufunse kampani yanu ndi lolunjika: kodi iwo, kapena amene amawagulitsa njira, ali pa KIXP, kapena ali ndi rauta m'nyumba momwe muli rack yanu? Ngati ali momwemo, chofunika ndi chingwe chachifupi chabe, chomwe timati cross-connect, chochokera pa rack yawo kupita pa yanu. Ndamangapo zingwe zotere zambiri, zina zosakwana mamita 30, ndipo ndaona ping ya kasitomala ikutsika ndi mamilisekondi oposa 200 ndisanatseke n'komwe chitseko cha rack. Musalole kuti akuyankheni ndi mawu oti ali ndi maubale abwino m'chigawo chino. Apempheni traceroute yochokera pa netiweki yawo kupita pa adiresi ya seva yanu, ndipo malire a mamilisekondi alembedwe mu mgwirizano.

Pa nkhani ya magetsi, n'zoona kuti gawo lalikulu la magetsi a Kenya limachokera ku nthunzi ya pansi pa nthaka ya ku Olkaria, kumadzi ndi kumphepo, ndipo n'chimene chimakopa makampani akunja. Koma pa 25 Ogasiti 2023 dziko lonse linathima usiku wonse mpaka tsiku lotsatira. Ndinali pa shifiti usiku umenewo, ndipo ntchito yanga inali kuyenda ndi tochi ola lililonse kukawerenga mulingo wa dizilo m'matanki. Choncho pemphaninso kwa eni nyumbayo malipoti osonyeza kuti majenereta awo amayesedwa atasenza katundu weniweni. Za ku Olkaria zija zisakhale maziko a chisankho chanu, chifukwa seva yanu ili m'nyumba yomwe ilipo lero.

Yamikani Phiri, Johannesburg

Ine ndikuona kuti abwana a a Kalua sakulakwa kwenikweni. Kuno n'kumene kuli msika waukulu. Microsoft inatsegula Azure ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu Malichi 2019, AWS inatsegula ku Cape Town mu Epulo 2020, Google Cloud ku Johannesburg mu Januwale 2024, ndipo NAPAfrica, yomwe ili m'nyumba za Teraco ku Isando, ndi malo aakulu kwambiri opatsiranapo deta mu Africa muno. Ngati bungwe lanu lidzafune kusiya kugula maseva n'kuyamba kuchita lendi pa cloud (maseva a makampani ngati amenewa), mudzapezeka kuti mukubwera kuno ndithu. Makasitomala a ku Malawi amene ndawathandiza anapeza njira yolunjika popanda kukangana ndi aliyense. Anthu amaopa kuzimazima kwa magetsi a Eskom ya kuno ku South Africa, makamaka kwa mu 2023, koma nyumba zikuluzikulu zinapirira chifukwa zinamangidwa zikuyembekezera zimenezo. Chimene ndingapemphe n'chakuti muyese ping yopita kuno kuchokera pa seva yomweyo, kuti bodi ione manambala onse awiri pa pepala limodzi.

Mayi T. Gondwe, Lilongwe

Mbali yanga ndi ya malamulo, ndipo ndikupempha kuti isaiwalike pamene mukukambirana za nthambo. M'database imeneyo muli mayina, manambala a ziphaso za unzika ndi ngongole za anthu. Lamulo la Data Protection Act la 2024 linaika zofunika kukwaniritsa munthu asanatumize zinthu zotere kunja kwa dziko, ndipo MACRA ndi imene inapatsidwa udindo woyang'anira. Kenya ili ndi lamulo lake la 2019 komanso ofesi ya komishonala woona za chitetezo cha deta, pamene South Africa ili ndi lamulo lake lotchedwa POPIA. Mukasamuka, kalata zonse zomwe munakonzera Kenya mudzazikonzanso, ndipo amene amayang'anira bungwe lanu pa nkhani za chuma adzafuna kuuzidwa. Onaninso mgwirizano wa lendi, chifukwa nthawi zambiri kuuthetsa msanga kumakhala ndi chindapusa cholipira m'madola. Tonse tikudziwa mmene fomu yopempha ndalama zakunja imagonera kubanki, ndipo amene anasaina migwirizano ya madola kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akukumbukira mmene bajeti inasokonekera. Kulipira nyumba ziwiri nthawi imodzi pa miyezi ya kusamukako si chinthu chopepuka.

A. Nyirenda, Blantyre

A Phiri akunena zoona pa kukula kwa msika wa ku Johannesburg, koma kusamuka sikuchotsa vuto lachiwiri lija. Tikumbukire 12 Meyi 2024, pamene EASSy ndi Seacom zinaduka tsiku limodzi pafupi ndi gombe la KwaZulu-Natal, intaneti n'kufooka ku Tanzania, ku Kenya, ku Mozambique ndi kuno komwe. Patangotsala miyezi iwiri izi zisanachitike, pa 14 Malichi, nthambo zinayi za kumadzulo kwa Africa zinali zitadukanso. Aliyense amene database yake inkadikira yankho lochokera kunja anavutika, kaya seva yake inali kumpoto kapena kumwera.

Malangizo anga ndi awa. Ikani seva ina muno m'dziko, makamaka kuno ku Blantyre, komwe ulendo wochokera ku Lilongwe ndi wa mamilisekondi ochepa, ndipo imeneyo ndiyo izivomereza cholembedwa chilichonse kashiya asanapereke lisiti. Ya ku Nairobi izilandira pambuyo, popanda wina kuidikira. Muuze bodi momveka kuti ngati maseva onse awiri a m'Malawi atawonongeka nthawi imodzi, mungataye zolembedwa za masekondi angapo omaliza, ndipo avomereze zimenezo polemba. Ikaninso chenjezo loti likulizeni foni seva ya ku Nairobi ikatsalira ndi mphindi zoposa zisanu, komanso muike malire pa mafayilo a WAL, kaundula wa zosintha zonse za m'database, omwe seva yaikulu imasungira inzake, chifukwa nthambo ikaduka kwa masiku atatu mafayilo amenewo amadzaza disiki n'kugwetsa seva yanu ya ku Lilongwe. Ndinaziona ndi maso anga pa bungwe lina, Lolemba m'mawa anthu ali kale pamzere.

Mphatso Kalua, Lilongwe

Ndabwera kudzakuuzani pomwe tafika. Usiku womwe Bambo Nyirenda analemba, ndinasintha kuti seva ya ku Nairobi isamadikiridwe, ndipo m'mawa mwake malisiti anayamba kutuluka nthawi yomweyo. Ntchito ya chiwongoladzanja yabwerera pa mphindi 20. Ndinatumiza funso la Mayi Mbewe kwa kampani yathu ya intaneti monga mmene analilembera, ndipo zinapezeka kuti amene amawagulitsa njira yachiwiri ali ndi rauta m'nyumba momwemo momwe muli rack yathu. Chingwe chinamangidwa Lachitatu, ndipo ping tsopano ili pa 48 ms kudzera ku Dar es Salaam. Ya ku Johannesburg ndinayesanso monga a Phiri anapempha, inatuluka 41 ms, ndipo bodi itaona kusiyana kochepako pamodzi ndi chindapusa chomwe Mayi Gondwe anachenjeza, inagwirizana zoti tikhalebe ku Nairobi mpaka mgwirizano utatha.

Seva ya ku Blantyre ifika mwezi wamawa, choncho pakadali pano tikuyenda ndi chiopsezo chomwe abwana asainira. Loweruka likubwerali, nthambi zikatseka masana, tizimitsa dala seva ya ku Lilongwe kuti tione ngati makashiya awiri angagwire ntchito pa ya ku Nairobi. Chomwe sindinamvetse bwino ndi kabwezeredwe ka zolembedwazo ku Lilongwe tikamaliza kuyesa. Bambo Nyirenda, kodi pg_rewind, chida cha PostgreSQL chofananizira seva yakale ndi yatsopano, ikwanira pa database ya 300 GB, kapena ndikonzekere kukopera yonse mwatsopano usiku wa Loweruka?