Zatheka: Chevelle ija yasiya kuwira

Zikomo nonse amene munandiyankha pa funso langa la galimoto yanga ya Chevrolet Chevelle imene inkawira madzi ndikamayenda pang'onopang'ono, koma pa msewu waukulu ili bwinobwino. Ambiri munati ndisinthe rediyeta. Ine ndinatsata malangizo a akulu ena amene anati ndiyambe ndawerenga nambala ya buloko (thunthu la injini), kumbuyo kwake pafupi ndi pamene pamamangidwa giyabokosi.

Nambalayo inaulula zonse. Injini imene anandigulitsa ngati 350 kwenikweni ndi small-block 400 (manambalawa ndi kukula kwa injini za Chevrolet), koma mahedi ake, zivundikiro za pamwamba pa masilinda, ndi a 350. Kunja zimafanana, mabawuti amalowa bwino, n'chifukwa chake anthu amapusitsika. Kusiyana kuli m'kati. Masilinda a 400 ndi otakata mainchesi 4.125, pamene a 350 ndi 4.00, choncho Chevrolet anawagundanitsa, pakati pake sipadutsa madzi. Nthunzi imaunjikana pamenepo. Buloko ya 400 ili ndi timabowo totulutsira nthunziyo, koma hedi ya 350 imatitseka.

Amakaniko anaboola mahedi onse awiri, potsatira gasiketi ya 400 ngati chikombole. Musachite nokha ndi dirilo ya m'manja, timabowo tina timalowa mopendeka. Tsopano singano ya kutentha siikwera ngakhale pa mdipiti wa galimoto.

Amene mungapeze 400, onaninso damper (gudumu la kutsogolo kwa injini) ndi flywheel (gudumu lolemera la kumbuyo kwake). Injiniyi imadalira zimenezi kuti isanjenjemere, ndiye za 350 sizigwira. Zanga mwamwayi zinali zoyenera.